Tsiku Limene a Mbewe Anakana Polishi

Anthu ambiri amandidziwa ngati mphunzitsi wa pasukulu ya pafamu ina ya fodya kuno ku Karoi, ena amandidziwa chifukwa cha tsamba lino. Koma Loweruka masana ndimasanduka wometa. Makina ometera ndinagula ku Salisbury kalekale, ndipo pakomboni pathu alipo okhawa basi. Ndiye ndimatulutsa mpando wa m'kalasi, n'kuuika pansi pa mtengo wa mabulosi kuseri kwa sukulu, abambo n'kumabwera mmodzimmodzi.

M'bokosi langa muli makinawo, lumo, sizasi, kagalasi kosweka pakona, ndi kachitini ka polishi wakuda.

Inu amene mukuwerenga muli kumudzi ku Nyasalande mukuyesa kuti polishiyo ndi wa nsapato zanga. Nsapato zanga sizinamulawepo. Anzanga a m'makomboni a kuno, a ku Glendale ndi a ku Goromonzi ayamba kale kumwetulira, chifukwa akudziwa. Polishi ameneyu ndi wopaka m'mitu ya madala.

Ndifotokoze pang'ono kuti a kumudzi asatsalire. Pafamu nyumba si ya munthu, ndi ya tikiti, kapepala kolimba kaja kamene kapitawo amachonga ukagwira ntchito. Ukakhala ndi tikiti uli ndi denga, uli ndi phoso la pasabata: ufa, nyemba ndi mchere. Tikiti ikakuthera, umamanga katundu. Ndipo palibe chimene chimafulumizitsa zimenezi ngati imvi. Bwana akamadutsa pamzere m'mawa safunsa munthu zaka zake, amangoyang'ana mitu. Akaona mutu woyera amaima, n'kuyamba kumufunsa kapitawo mafunso.

Choncho madala athu ena amameta mpala sabata iliyonse, ena savula chipewa ngakhale kukatentha bwanji, koma ambiri amabwera kwa ine. Ndikameta, ndimatenga polishi pakansanza, n'kusisita bwinobwino mpaka mutu wonse ude bii. Munthu amadzuka pampando atachotsako zaka khumi. Ndachita zimenezi kwa nthawi yaitali, ndipo kunena zoona ndinkadziona ngati munthu wachifundo.

Loweruka lapitali kunabwera a Zakeyu Mbewe. Andiloleza okha kuti nkhani yawo ndiilembe.

A Mbewe ndi mkulu wa mpingo wathu, ndiponso ndiwo akale kuposa onse pa anthu osankha fodya pafamu pano. Kwawo ndi ku Ntcheu. Anabwera kuno wapansi, kudzera ku Tete, ndevu zisanamere, ndipo sanabwererekonso. Ndi mtchona weniweni. Amene ankawadziwa kumudzi onse anatha, moti atati akafike lero, akhoza kufunsidwa kuti akufuna kwa yani. Akazi awo ndi mayi Nangozo, obadwira m'mafamu momwemuno, ocheperapo kwa iwo ndi zaka zambiri ndithu. Ana awo awiri anagona kumanda a kuseri kwa damu adakali aang'ono. Kupatula kanyumba kawo ka pakomboni, anthu awiriwa alibe kwina kulikonse.

Anakhala pampando, ndinawakoleka nsalu m'khosi, ndinameta. Nditangotsegula kachitini, anandigwira dzanja.

"Aphunzitsi, lero basi pomwepa. Ndipo ngati muli ndi sopo, munditsuke ndi wakale yemwe."

"Mwayamba nthabwala, bambo?"

"Ayi. Ndikufuna ndione mutu wanga. Papita nthawi tisanaonane."

Ndinaika kachitini pansi, ndinawafunsa chimene chachitika. Anandiuza, mosathamanga, monga amalankhulira masiku onse.

M'shedi yosankhira fodya anthu amakhala awiriawiri pabenchi. Mwamuna wa tikiti ndiye amasankha. Amatenga tsamba lililonse, kuliyang'ana pa kuwala kwa zenera, n'kuliika pamulu wake: lachikasu ngati ndimu apa, lofiirira apo, lobiriwira apo, lamawanga apo. Pambali pake pamakhala mayi waganyu amene amamanga masambawo m'timitolo. Amayi salembedwa tikiti, amangoitanidwa ikafika nyengo yosankha. Womangira a Mbewe zaka zonsezi ndi mayi Nangozo.

Lachinayi kunazizira, ndi mphepo youma ija ya mwezi uno, ndipo fodya ankangophwanyika m'manja. Kapitawo wathu, a Marufu, anauza wa kuboyila kuti awonjezere nthunzi kuti masamba afewe. Nthunzi inadzaza shedi yonse. A Mbewe anatuluka thukuta, polishi wanga anasungunuka, n'kuyamba kutsetsereka pamphumi ndi kuseri kwa makutu. Atsikana a pabenchi loyandikana nawo anaseka chobisa.

"Kuseka kwa ana sikunandipweteke," anatero a Mbewe. "Inenso ndikanaona dala akutuluka thukuta lakuda ndikanaseka. Chinandipweteka ndi china. Dontho limodzi linagwera patsamba labwino, lachikasu kwambiri, ine n'kuliika pamulu wapamwamba osaona kanthu. Mayi anu analichotsa mwakachetechete, n'kulibisa m'nsalu. Titafika kunyumba analitulutsa, akuti ndiloze pamene pali dontho. Ndinalitembenuza kawiri, katatu. Mpaka anagwira chala changa n'kuchiika pamenepo."

Kenako anapitiriza.

"Ndiye ndinati, Nangozo, mundiuze zoona, ndi masamba angati amene ndikumasokoneza? Poyamba sanafune kunena. Kenako akuti ino ndi nyengo yachiwiri. Zonse zimene ndimasankha, iwo amasankhanso asanamange. Ine ndinkadziwa kuti maso achita nkhungu, koma ndinkayesa ndikuonabe mokwanira. Anthu akamayamika kuti fodya wa a Mbewe sabwezedwa kumsika, ine n'kumatukula mapewa, osadziwa kuti akuyamika mkazi wanga."

"Ndiye mukufuna kutani?"

"Lolemba ndikaonana ndi bwana. Ndikamuuza kuti maso atha."

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti mtima wanga ndi wapachala. Ndinayamba kuwakalipira munthu wamkulu ali ndi nsalu m'khosi. Ndinati bambo, mwaganiza bwino? Mukanena zimenezo Lolemba, Lachiwiri lole ikakutulani kumsewu waukulu ndi mphasa zanu. Mukalowera kuti? Ku Ntcheu kuli ndani? Kumarizevu, kumidzi ya eni dziko, angakupatseni malo ndani inu munthu wobwera? Ndinati ngati simukudzimvera chisoni nokha, amvereni chisoni mayi.

"Ndi amene ndikuwamvera chisoni," anayankha.

Ndinayesa njira ina. Ndinati chabwino, akakuchotsani ndikauza bwana kuti inu ndinu bambo anga aang'ono, mubwere mudzakhale kwanga kusukulu. Azungu ubale wathu saudziwa, savutikanso n'kufunsa.

A Mbewe anaseka mpaka nsalu inagwa.

"Aphunzitsi, mwandikomera mtima, zikomo. Koma tichotse polishi kumutu n'kumupaka pakamwa?"

Ndinatola nsalu ija, n'kuwakolekanso m'khosi.

"Tamverani," anatero. "Lamulungu lililonse ndimaima kutsogolo kwa mpingo, kuuza anthu kuti Mulungu amaona zamkati, mutu uli noninoni ndi polishi. Tsiku la mgonero ndimaopa kuwerama kwambiri kuti ndingadetse nsalu ya patebulo. Ndi moyo umenewo? Amene anandiolotsa Zambezi ndili mnyamata wopanda nsapato, andisiye lero chifukwa tsitsi lasintha mtundu? Walisintha ndi yemweyo."

"Nanga akakuchotsanidi?"

"Akandichotsa, andichotsa. Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Kuyambira Lachinayi chakudya sichikutsika bwino. Koma mayi anu asapitirize kunyamula anthu awiri."

Ndinatunga madzi m'ndowa ya sukulu, ndinatenga sopo wanga wochapira, ndinawatsuka. Madzi oyamba anada ngati a m'chithaphwi, achiwiri chimodzimodzi. Pachitatu mutu unatuluka woyera mbee. Ndinawapatsa kagalasi. Anakayandikitsa mpaka kukhudza mphuno, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Awa ndi bambo anga." Ananena mokondwa, ngati akumana ndi munthu panjira.

Atapita ndinakhala pampando womwewo. Sindinamete munthu wina tsikulo.

Tsono ndifunse, anzanga. Tinayamba liti kuopa ukalamba chonchi?

Ine ndinakulira kumudzi, ndipo ndikukumbuka kuti imvi zikayamba, munthu ankakwera. Ankaleka kulima munda waukulu, n'kuyamba kuitanidwa kumilandu ndi kumaukwati. Mpando wabwino unali wake. Sindikunena kuti kumudzi kunalibe okalamba ovutika, analipo. Koma palibe amene ankabisa zaka zake ngati wabisa nthenda yamanyazi.

Kuno tinasinthanitsa. Kuno munthu ndi msana ndi maso. Zikatha ziwirizi, watha. Ndipo pamenepa sindiwachotsera mlandu eni mafamu ngakhale pang'ono. Munthu wakupatsa unyamata wake wonse, wakudzutsira famu kuchokera patchire, iwe osamuganizira ngakhale kachipinda kamodzi kokalambiramo? Masiku ano akuluakulu a Chitaganya amalankhula zambiri pawailesi za kuyendera pamodzi kwa mitundu. Ine ndikudikirabe kuti wina anene pamene wosankha fodya wokalamba akakhale. Zimandipsetsa mtima, ndipo sindidzaleka kuzilemba.

Koma lero chala ndikulozetsa kwa ife eni. Chifukwa mantha amenewa, ngakhale ali ndi chifukwa chake, amatiwononga kuposa ukalamba womwe.

Ine ndameta mitu yambiri, ndipo munthu akakhala pampando wometera amalankhula. Ndaona madala amene amakalamba mokwiya. Wachinyamata akangonyamula belo la fodya mosavuta, iwo chawabaya mumtima. Saphunzitsa mnzawo ntchito, kuopa kuti angawalande malo. Bondo likamapweteka sapita kuchipatala, kuopa kuti bwana angamve, ndiye amalimanga ndi nsanza mkati mwa buluku mpaka litatupa. Loweruka akachoka kwa ine amalunjika kumowa, kukapikisana ndi anyamata, kuti anthu aone kuti mphamvu zilipo. Lolemba amadzuka akunjenjemera. Munthu wotere sapuma, chifukwa tsiku lililonse amakhala akulondera chinsinsi chake. Ndipo polishi amamatira tsitsi lokha, nkhope imakhala ikuulula zonse.

A Mbewe, ngakhale ankapaka nawo, anali asanalowe kwenikweni m'gulu limeneli, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake zinatheka kuti atulukemo. Mowa anasiya kale. M'mawa uliwonse, belu lisanalire, amatsikira kudamu kukathirira kadimba kawo ka mpiru ndi anyezi. Amadya zochepa, amayenda wapansi, amaseka kwambiri, makamaka kudziseka okha. Munthu akawalakwira amapita kukamuuza tsiku lomwelo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinakanganapo nawo za nyimbo za pa Khirisimasi, ndinakhala sabata yathunthu nditatupa, iwo mawa lake anali atanditumizira kale mpiru.

Ndipo amapemphera ngati munthu amene akulankhula ndi wina amene amamudziwa. Sachulutsa mawu. Ndinawamvapo akupempherera wodwala, akuti, "Ambuye, uyu ndi Yohane, mukumudziwa, chifuwa chamuvuta. Ife tayesa zathu." Basi. Munthu amene wazolowera kuuza Mulungu zinthu monga zilili, tsiku lina amatopa ndi kunamiza galasi.

Kodi chikhulupiriro chimachotsa nkhungu m'maso? Kwa a Mbewe sichinachotse. Chimaletsa lole kubwera? Ndaona Akhristu okhulupirika atakwezedwa pa lole. Chimene ndinaona Loweruka n'chakuti munthu anali ndi mantha, anawatchula dzina, koma sanalole kuti amusankhire chochita. Sankaona kuti mtengo wake wonse uli patikiti.

Lamulungu a Mbewe analowa m'kachalichi kathu kaudzu chipewa chili m'manja. Amayi anagundana zigongono. Madala anzawo anayang'ana pansi, ndipo mmodzi anakanikiza chipewa chake pabondo ngati chikufuna kuthawa. A Mbewe anayambitsa nyimbo monga mwa masiku onse.

Potuluka tinadutsa pakhonde la sitolo, pamene a Sayidi, telala wathu wachisilamu wa ku Mangochi, amasokera. Ndevu zawo n'zoyera kuyambira kale. Atawaona a Mbewe, a Sayidi anaimitsa makina.

"Mwatipeza, achimwene. Takulandirani."

"Munatsogola kalekale inu, osatiitana," anatero a Mbewe.

"Ine musanditamande," anayankha a Sayidi. "Ndevu zanga n'zoyera chifukwa makinawa ndi anga. Inu ndiye mwalimba mtima. Mawa ndikupemphererani."

Madzulo a tsikulo a Mbewe anandipempha kuti ndikawaperekeze kukamasulira. Pafamu bwana ndi antchito amamvana m'Chilapalapa, chinenero chimene chili ndi mawu ambiri otumira munthu koma chilibe mawu ofotokozera za mumtima. Anati safuna kuti nkhani ya moyo wawo ikamveke ngati akupempha fosholo. Iwo alankhula Chinyanja, ine ndikaika m'Chingerezi.

Lolemba m'mawa ndinasiyira ana masamu pabolodi, n'kupita. Tinaima pakhomo la shedi anthu atatu, a Mbewe, mayi Nangozo ndi ine. Mayi Nangozo manja anali atawapinda m'nsalu.

Bwana anafika ndi kapitawo. Anayang'ana a Mbewe, n'kufunsa a Marufu kuti dala ameneyu ndani ndipo akufuna chiyani.

"Ndi sekuru Mbewe, bwana," anatero a Marufu, kuwatchula kuti agogo m'Chishona.

Bwana anayang'ananso. Munthu amene amamuona m'mawa uliwonse chifikire pafamu pano.

A Mbewe analankhula, ine ndikumasulira. Anati akhala akudetsa tsitsi ndi polishi kuti aoneke anyamata, ndipo akupepesa. Anati maso awo sasiyanitsanso tsamba lachikasu ndi lofiirira, ndipo ino ndi nyengo yachiwiri. Nkhope ya bwana inafiira. Anafunsa kuti ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi wakhala akutumiza kumsika fodya wosankhidwa ndi munthu wosaona?

"Mufunseni," anatero a Mbewe kwa ine, "ngati pa nyengo ziwirizi belo la pabenchi langa linabwezedwapo chifukwa chosakaniza."

Ndinafunsa. Bwana anaganiza, anayang'ana kapitawo, kapitawo anapukusa mutu. Linali lisanabwezedwepo.

"Ndiye mumuuze kuti ine ndinanama, koma fodya sananame. Maso amene amasankha ndi awa." Analoza akazi awo. "Sindikupempha kuti andisunge pantchito imene sindingathe. Ndikupempha kuti tikiti ilembedwe dzina la amene wakhala akugwira ntchitoyo."

Zimenezi ngakhale ine sanandiuze. Mayi Nangozo anatembenuka kuyang'ana amuna awo, ndipo ndinadziwa kuti nawonso akuzimva koyamba.

Bwana anati chiyambire sanalembepo mkazi tikiti ya wosankha, ndipo nyumba za pakomboni ndi za amuna. A Marufu anang'ung'udza m'Chishona kuti zvakaoma, kutanthauza kuti n'zovuta, koma kenako anawonjezera kuti nyengo ili pakati, ndipo wosankha wabwino sapezeka pamsewu. Ndiwathokoze a Marufu pamenepa. Akanatha kungokhala chete.

Bwana analowa m'shedi, anatapa yekha masamba m'milu yosiyanasiyana, anawasakaniza, n'kuwaponya pabenchi. Shedi yonse inaleka ntchito. Mayi Nangozo anakhala pamalo a amuna awo, anapukuta manja, n'kuyamba. Sanachedwe. Atamaliza, bwana anayendera milu yonse, anatola tsamba limodzi pamulu wobiriwira, n'kunena kuti ili ndi lachikasu, alakwitsa. Mayi Nangozo analilandira, analikweza kuzenera, n'kuloza ndi chikhadabo m'mbali mwa mtsempha wa tsamba, mmene munali kubiriwira pang'ono. Bwana anayang'anitsitsa, n'kulibwezera pomwe analitola.

Anauza kapitawo kuti alembe tikiti. Malipiro akhala ochepa kuposa a mwamuna, ndipo mvula ikagwa mayi Nangozo azikagwira kunazale ngati wina aliyense. Nyumba ikhala yawo malinga akugwira ntchito. Atatero anatembenuka n'kumapita kumabani oumitsira fodya.

Kwa a Mbewe sananene kanthu. Ngakhale zikomo.

Ine zinandiwawa kwambiri. Pobwerera ndinkangolalata, kuti zaka zonsezo munthu n'kukusiya ngati khasu lotha. A Mbewe anandilola kuti ndimalize, kenako anati, "Sindinapite kukatenga zikomo, aphunzitsi. Ndinapita kukatula katundu. Bwererani kwa ana, masamu aja atha kale."

Musandimve molakwa, anzanga. Sindikuuza dala aliyense kuti mawa akaime pamaso pa bwana ndi mutu woyera. Si onse ali ndi mayi Nangozo, si onse ali ndi kapitawo wotsegula pakamwa pa nthawi yake. Zikanatha kuthera kumsewu waukulu, ndipo a Mbewe ankadziwa zimenezo pamene ankapita. Ngakhale pano sizinathere pabwino penipeni. Nyumba ija tsopano yatsamira pa maso a mayi mmodzi amene nayenso zaka zikupita. Kachitini kaja sindinakataye, ndipo Loweruka likubwerali wina akadzandipempha ndi misozi, sindikudziwa kuti ndidzatani. Chimene ndatsimikiza n'chakuti ndisanapake ndizidzamufunsa kaye za maso, za bondo, ndi za kunyumba.

Ndipo ife a mpingo tichite manyazi. Timasonkhana mwachangu munthu akamwalira. Bokosi, nsalu, nyimbo, zonse timakonza mwadongosolo, moti eni dziko amatitama kuti anthu a ku Nyasalande amadziwa kuika maliro. Nanga zaka zija zapakati, munthu atasiya ntchito koma asanafe, timakhala tili kuti? Ndani anakhalapo pansi ndi dala wa pampingo pake n'kumufunsa kuti, bambo, tikiti ikadzatha mwakonza zotani? Timadikira kuti agwe, kuti tidzaimbe bwino.

Pakomboni anthu ayamba kale kulankhula. Kumowa akuti a Mbewe tsopano akudyera mkazi, mwamuna wanji wogona m'nyumba ya tikiti ya mkazi. Mmodzi anawafunsa pamaso ngati sakuchita manyazi. Iwo akuti anayankha kuti akhala akudyera mkazi nyengo ziwiri osadziwa, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano akutha kuthokoza.

Lachiwiri ndinawaona pawindo la kalasi akuchokera kumpope ndi ndowa, madzi akutayikira m'miyendo chifukwa sanazolowere. Belu la masana litalira anadutsanso, ulendo uno atanyamula kabotolo ka mahewu ndi mbatata zootcha m'mbale, kulunjika kushedi. Amayenda pang'onopang'ono tsopano, ndodo patsogolo. Kale ankathamanga mwadala akamadutsa pamene pali anthu.

Dzulo, Lachitatu, ndinakumana ndi mayi Nangozo akuweruka. Ndinawafunsa kuti ntchito yatsopano ikuyenda bwanji, ndipo ndinkayembekeza kuti adandaula za malipiro kapena za pakamwa pa anthu.

"Ntchito si yatsopano, aphunzitsi," anatero. "Chatsopano ndi chakudya cha masana."

Sindinamvetse, ndiye anandifotokozera. Kusankhanso masamba uku ukumanga sikutheka kumaliza pa nthawi yake. Milu inkatsalira. Ndiye belu la masana likalira, anthu onse n'kutuluka kukadya, iwo ankauza amuna awo kuti alibe njala, atsogole. Ankatsala okha m'shedi, kukonza milu ya m'mawa anthu asanabwerere. Tsiku lililonse, nyengo ziwiri.

"Bambo anu ankangoti ndine munthu wosakonda kudya," anatero, akuseka pang'ono. "Dzulo ndi lero ndakhala panja padzuwa, ndadya mbatata, iwo ali pambali panga. Ndinali nditaiwala kuti masana kumakhala kotani."

Anatsanzika, n'kumapita kukomboni.

Ine ndinkayesa kuti polishi wanga akuteteza madala. Sindinaganizepo za amene amatsala m'shedi. Inu bambo amene mukulimbikira kuti mphamvu zikadalipo, tayang'anani bwino kunyumba kwanu ndi pabenchi panu: ndani sakudya masana kuti inu muoneke mnyamata?